Madzi m'Chigubu cha Alamu

Lachitatu m'mawa ndili mkati mochapa, kalaliki wa kolandirira mkaka anatulukira pakhomo panga ali wefuwefu, epuloni ikadali m'chiuno.

"Mayi, zavuta. Alamu anu agwidwanso."

"Agwidwa ndi ndani? Apolisi?"

"Ayi, ndi galasi. Lero ndi kachitatu."

Ndinapukuta manja. Ntchito yoyeza mkaka ndinaigwira zaka khumi ndi zisanu ndisanapume, ndipo kalaliki ameneyu ndinamuphunzitsa ndine. Lamulo la gulu lathu la alimi ndi lalifupi. Mlimi akapezeka ndi madzi mumkaka katatu amachotsedwa, ndipo ng'ombe, poti ndi ya gulu, imapita kwa wina amene akudikira pamzere.

Alamu ndi mwamuna wa malemu mng'ono wanga. Chimwalirire mkazi wawo amakhala awiriwiri ndi ng'ombeyo, ndipo amaiyankhula ngati munthu. Kuwalanda ng'ombe imeneyo kunali kuwakumbira manda akadali moyo.

"Komiti ikumana liti?"

"Lachisanu. Mpaka tsikulo awaletsa kubweretsa mkaka."

"Tiye."

*

Kolandirira mkaka ndi chipinda chimodzi: thanki yoziziritsira pakona, tebulo la simenti, ndi fungo lija losachoka m'zovala. Patebulopo m'pamene pamakhala galasi. M'mabuku amalitchula haidromita, la mkaka amati lakitomita, koma ife timangoti galasi. Kumunsi lili ndi kamimba kolemera, kumwamba khosi lowonda la mizere ndi manambala. Umathira mkaka m'kabotolo kakatali, n'kulowetsamo galasilo pang'onopang'ono, n'kulisiya liyandame. Mkaka weniweni ndi wolemerako kuposa madzi, ndiye umalinyamula bwino, n'kuwerenga pakati pa 28 ndi 32. Ukathiramo madzi umapepuka, galasi limamira, nambala n'kutsika. Palibe zamatsenga.

Kalaliki anali atasungako mkaka wa alamu pang'ono.

"Unali wofunda?" ndinafunsa, poti mkaka wongochoka kung'ombe umamiza galasi pang'ono ngakhale ulibe madzi.

"Ndinaudikira uzizire."

"Thovu?"

"Ndinalichotsa. Si inu nomwe munkandigogoda zala ndi pensulo chifukwa cha thovu?"

"Galasi silinatsamire m'mbali?"

"Mayi, yezani nokha."

Ndinayeza. Ndinawerama, mawondo akulira, mpaka diso linalingana ndi pamwamba pa mkaka. 26.

"Dzulo linati chiyani?"

"26."

"Lolemba?"

"26."

"Malita angati?"

"Eyiti. Masiku onse eyiti, ngati kale."

Anandifotokozera kuti galasi lakale linasweka mwezi wathawu, ndipo latsopanoli linafika Lolemba. Mwezi wonsewo ankangolandira mkaka ndi maso.

"Lolembalo anagwidwa angati?"

"Atatu. Koma awiri enawo, pofika Lachiwiri mkaka wawo unali utachira wokha."

"Ng'ombe zawo zinalapa."

Tinaseka, koma ine kuseka kwanga sikunapite patali. Wakuba akamva kuti galasi labwera amaleka. Alamu si chitsiru. Bwanji iwo okha sanaleke?

Apo m'pamene analowa a Tcheya, makiyi akulira m'chiuno.

"Aa, mayi athu! Mwabwera kudzaikira kumbuyo m'bale? Nkhaniyi, malinga ndi ndime yachinayi ya malamulo athu okhazikika…"

"Ndime yachinayi ndinalemba ndine, a Tcheya, inu mukuweta nkhuku."

"Ndiye mukudziwa kuti galasi silinama."

"Silinama, koma silitchulanso dzina. Limati madzi alimo. Wathira ndani, silinena."

Anagwedeza makiyi awo n'kupita kukayang'ana thanki, ngati kuti thankiyo inawaitana. Kalaliki anandiperekeza mpaka pakhomo, ndipo anatsitsa mawu.

"Pali chinanso, mayi. Kale alamu anu ankafika oyamba. Masiku ano amafika omaliza, ndipo amatulukira njira ya kumsika."

Kuchoka kwa alamu kupita kolandirira mkaka, sudutsa kumsika.

*

Ndinawapeza m'khola akuipesa ng'ombe ndi burashi yakale yochapira.

"Alamu, mwathira madzi?"

"Mwaswera bwanji, alamu? Mpando uwo."

"Ndaswera. Mwathira madzi?"

"Galasi lanena kale."

"Sindikufunsa galasi."

"Iwe, sendeza mwendowu," anatero, akuuza ng'ombe.

Ndinasuzumira m'nyumba. Mbale imodzi, kapu imodzi, zonse zotsuka bwino ndi zovundikira. Mwana wawo mmodzi yekha, wamkazi, anathawa ndi mwamuna wa magalimoto zaka zinayi zapitazo, ndipo alamu analumbira pamaso pa anthu kuti iwo alibe mwana. Chichokere mng'ono wanga, m'nyumbamo simumveka liwu la munthu wachiwiri.

"Kumsika mumakatani m'mawa?"

"Thalauza langa lili kwa telala."

"Alamu, Lachisanu akulandani ng'ombeyi. Mukundimva?"

Burashi inaima pamsana pa ng'ombe.

"Amene aitengeyo mudzamuuze kuti imadana ndi manja ozizira. Aziyamba wawaotha asanaikame."

Ine zolira sindimazikonda. Ndinawauza kuti mawa ndibwera kudzakama ndekha, n'kutuluka msanga.

*

Telala amasokera pakhonde la sitolo, moyang'anana ndi mpope wa madzi. Ndi munthu woti ukamufunsa nthawi amakuuza mbiri ya wotchi.

"Thalauza? Ha! Mayi, thalauza limenelo ndinalimaliza mwezi watha. Tsiku loyamba akuti fupikitsa. Ndafupikitsa. Mawa lake akuti wafupikitsa kwambiri, talikitsa. Ndatalikitsa. Mkuja akuti thumba likuwakanda. Thumba kukanda munthu! Mwezi uno ukamatha likhala kabudula, ndikuuzani ine."

"Amabwera tsiku lililonse?"

"Ngati tambala. Ine ndikungovundukula makina, iwo afika."

"Chigubu cha mkaka amafika nacho pano?"

"Ayi, amachisiya pakampanda apo, pafupi ndi mpope."

"Iwo n'kukhala pati?"

"Pabenchi pomwe mwakhalapo, koma chofulatira msewu. Dzuwa la m'mawa limawawomba m'maso mpaka misozi. Ndimati bambo, tembenukani, muchita khungu. Akuti ayi, ndimalikonda dzuwa."

"Amachiyandikira ndani chigubucho?"

Telala anaika ulusi m'kamwa, n'kuyamba kufunafuna diso la singano kwa nthawi yaitali kwambiri kwa munthu amene wasoka moyo wake wonse.

"Pampope pamabwera anthu ambiri, mayi. A m'nyumba za lendi zakuserizo onse amatunga pomwepo. Ine maso anga amakhala pansalu."

Pakamwa pamene sipatsekeka panali patatsekeka. Ndinadziwa kuti waona, ndipo chimene waonacho chamumvetsa chisoni.

*

Lachinayi kutangocha ndinali m'khola mwa alamu, galasi langa lakale ndalikulunga m'sokosi. Ndinaotha manja pamoto, n'kukama ndekha, iwo ataima pambali ngati mlendo. Mkaka unafika pamzere wa chigubu ndendende, malita eyiti. Nditauziziritsa ndinayeza. 30.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma masamu a mkaka sandivuta. Kuti 30 atsike kufika 26 m'chigubu cha malita eyiti, ndiye kuti lita imodzi ndi madzi. Wothira madzi kuti apindule akanafika kolandirira ndi malita naini. Alamu amachoka ndi eyiti, n'kufika ndi eyiti. Ndiye kuti panjira wina amachotsa lita imodzi n'kubwezeramo lita imodzi, ndi chotungira chomwecho tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake nambala siinkasintha. Dyera silikhala ndi muyeso wotere.

"Ng'ombe ilibe mlandu," ndinatero. "Tsalani bwino, alamu."

Sindinapite kwathu. Ndinaima kuseri kwa mpanda wa oyandikana nawo, ngati kamtsikana kodikira chibwenzi, pa msinkhu wanga uno. Sipanapite nthawi. Munthu amene analetsedwa kubweretsa mkaka anatuluka, chigubu paphewa, n'kulowera njira ya kumsika.

Ndinawatsatira chapatali. Anatula chigubu pakampanda, anamasula chivundikiro pang'ono kuti chisavute, n'kuwoloka msewu kukakhala pabenchi ya telala, nkhope kudzuwa.

Kuseri kwa nyumba za lendi kunatuluka mzimayi wowonda, mpango waukokera kumaso, jagi yapulasitiki yobiriwira m'manja. Anayang'ana kubenchi. Anatunga mkaka, n'kuukhuthulira m'kapoto. Kenako anatsuka jagiyo bwinobwino, anaidzaza pampope mpaka m'milomo, n'kuthira m'chigubu mosamala kuti lisatayike ndi dontho lomwe.

Ndinamugwira pamkono. Atatembenuka ndinaona mphumi ya mng'ono wanga.

"Amayi aakulu," anatero, jagi n'kugwa.

*

Chipinda chake chinali ndi mphasa, beseni ndi chikwama chimodzi. Pamphasapo panakhala kamnyamata ka zaka zitatu, miyendo ngati bango, maso aakulu ngati a gogo wake.

"Unabwera liti?"

"Miyezi iwiri yapitayo. Bambo ake a mwanayu anatisiya. Kenako mwanayu anagonekedwa m'chipatala, ndipo potuluka anesi anati azimwa mkaka tsiku lililonse. Ine ndimachapira anthu, amayi aakulu. Mkaka ndikanaupeza kuti?"

"Kwa ine sunakudziwe?"

"Pa maliro a amayi sindinabwere. Uthenga unandipeza mochedwa. Ndikanalowa ndi nkhope yanji pakhomo panu?"

"Ndi yomweyo. Ili ndi vuto lanji?"

Anawiritsa mkaka uja, anauuzira, n'kumupatsa mwana. Kamnyamatako kanagwira kapu ndi manja awiri, kakundiyang'ana pamwamba pa kapuyo ngati ndabwera kudzakalanda.

"Chonde musakawauze bambo," anatero mayi wake. "Sakudziwa. Amangochisiya apo n'kukacheza kwa telala. Madziwo ndimathira kuti asaone kuti chachepa. Mwezi wonse sanazindikire."

"Mwanawe, bambo ako anayamba liti kukonda macheza?"

Anandiyang'ana.

"Njira ya kolandirira mkaka ndi ino? Chivundikiro chija umachipeza chomasula, ukuganiza amamasula ndi mphepo? Munthu wamkulu kukhala chopenya dzuwa mwezi wathunthu mpaka misozi, kuti asatembenuke n'kukuona?"

Anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja pakamwa.

Ndinamuuza zonse: za galasi latsopano, za katatu, za komiti ya mawa, za ng'ombe. Sankadziwa chilichonse. Analira mosatulutsa mawu kuti mwana asaleke kumwa.

"Pukuta," ndinatero. "Misozi siibweza ng'ombe."

Ndinawoloka msewu. Telala atandiona anakumbukira mwadzidzidzi kuti ulusi wamuthera, n'kulowa m'sitolo.

"Thalauza lakwana, alamu?"

Sanatembenuke. "Mwamuona?"

"Ndamuona."

"Kamwanako kakumwa?"

"Kamwa konse. Bwanji osangomupatsa m'manja ngati anthu?"

"Ndinayesa. Tsiku limene ndinamuona pampope anathawira m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinasiya botolo pakhomo. Mawa lake ndinalipeza pakampanda, losatsegula, mkaka utasasa. Mutu umenewu ndi wa kwanu."

"Wa kwathu? Amene analumbira pamaso pa anthu ndi wa kwathu?"

"Chopatsidwa ndi ine amakana. Chotenga yekha amatenga. Ndiye ndinangomusiya azitenga. Za madzizi ndadziwa Lolemba."

"N'kupitiriza?"

"Ndikanaleka, mwanayo akanamwa chiyani Lachiwiri?" Apa m'pamene anatembenuka, maso ali psuu ndi dzuwa. "Alamu, musakamutchule ku komiti. Mayina amene anthu anamutchula akwana. Asawonjezerepo lakuti wakuba."

"Nanga ng'ombe?"

"Ng'ombe ikapita kwa mlimi wina ikadyabe msipu."

Ndinawalonjeza kuti ine sindimutchula. Za anthu ena sindinalonjeze.

*

Lachisanu komiti inakhala pakhonde la kolandirira mkaka, anthu asanu pabenchi, alimi ena ataima m'mbali. A Tcheya anawerenga ndime yachinayi kawiri, ngati kuti koyambako inali isanapse.

"Bambo, muli ndi mawu?"

Alamu anaimirira, chipewa m'manja. "Ndinathira ndine. Musavutike."

"Ndiye nkhani yatha. Malinga ndi…"

"Sanathire ndi iwo."

Mwana wa alamu uja anali ataima kumapeto kwa khonde, kamnyamata kumbuyo, jagi yobiriwira m'manja.

"Ndinkachotsa mkaka ndi jagi iyi, n'kubwezeramo madzi. Iwo sanathirepo ndi dontho lomwe."

A Tcheya anatsitsa magalasi awo. "Mayi, aliyense akhoza kubwera ndi jagi. Umboni uli kuti?"

Pamenepo ndinaimirira ine. Ndinali nditabwera ndi chigubu cha alamu cha m'mawa umenewo. Kalaliki anayeza pamaso pa onse: 30. Ndinatenga jagi ija, ndinatunga kamodzi n'kuika pambali, ndinaidzaza madzi n'kuthira m'chigubu. Mkaka unabwerera pamzere wa malita eyiti. Ndinatakasa, kalaliki n'kumizanso galasi.

"Werengani nokha, a Tcheya. Muwerame, diso lilingane ndi mkaka."

Anawerama, makiyi akulendewera. "26," anatero chapansipansi.

Anadzuka n'kuyang'ana mzimayi uja. "Nanga inu ndinu ndani, wotsegula zigubu za anthu panjira?"

Ambiri pakhondepo ankamudziwa, ndipo analipo tsiku limene alamu analumbira. Palibe amene anafuna kuyamba. Iye anaweramitsa mutu.

"Ndi mwana wanga."

Alamu sanakweze mawu. Ankayang'ana m'chipewa chawo.

"Ndiye kuti mwana wanu ankakuberani?"

"Mwana saba mkaka wa bambo ake. Ndinkamusiyira. Sindinamuuze kuti ndikumusiyira, ndiye anaphimba ndi madzi. Cholakwa ndi changa, chosayankhula."

Mayi wina wa m'komiti anayamba kufunafuna kansalu m'chikwama. A Tcheya anatsokomola, n'kutiuza kuti titalikire kaye. Tinaima padzuwa theka la ola iwo akukangana. Ndinamva liwu la kalaliki, amene sali m'komiti n'komwe, likukwera kuposa onse.

Atatiitana, a Tcheya anayankhula mawu ambiri, koma fupa lake linali ili: madzi analowa m'thanki ya anthu onse kwa mwezi wathunthu, ndipo zimenezo sizingangopita. Alamu asabweretse mkaka kwa masabata awiri. Ng'ombe ikhala.

Anthu atabalalika, awiriwo anatsala ataima motalikirana ngati alendo pa siteji ya basi. Alamu anabwera kwa ine.

"Alamu, masabata awiri. Malita eyiti m'mawa, enanso madzulo. Ndiutani mkaka wonsewo?"

"Mukufunsa ine? Kwanga kulibe mwana wa zaka zitatu."

Anapotokola chipewa. Kenako anayankhula moyang'ana mtengo umene unali pafupi ndi mwana wawo.

"Chipinda chako chija ndinaikamo matumba a chakudya cha ng'ombe. Akhoza kuchoka."

"Ndikasesa ndekha, bambo," anayankha iye, nayenso akuyang'ana mtengo womwewo.

Kamnyamata kaja kanali katatsika kumbuyo, kakukoka thalauza la alamu. Iwo anawerama, anakanyamula, n'kukayesa m'manja ngati mmene mlimi amayesera mwana wa ng'ombe.

"Wapepuka uyu," anatero. "Tiyeni."

Chigubu anachiiwala pakhonde. Ndinachinyamula ine, n'kumawatsatira chapatali, kuti ndisamve zimene ankakambirana.